Mkamwini wa mu Kanema

Lolemba, 9 Juni
Alamu abwera ndi filimu kuchokera ku Migowi, yomasuliridwa m'Chichewa. Gawo limodzi madzulo alionse, pa TV ya sola ya apongozi. Ine mkamwini sindingakhale chipinda chimodzi ndi apongozi, ndiye ndikuonera pawindo, choimirira. M'filimumo, mwini sitolo wolemera wapezeka atafa. Apongozi: "Wapha ndi mkamwini wakeyo. Onsewa ndi amodzi." Sakundiyang'ana, koma mawuwo akutulukira pawindo. Ntchito yanga sabata ino: kuyeretsa dzina la mnzangayo. Likayera lake, langanso layera.

Lachiwiri, 10 Juni
Amene ndikuwaganizira: dalaivala, mkazi wamng'ono, malume a ndevu. Mkamwini ayi! Munthu wolira chonchija pamaliro? Kodi misozi ya mu kanema amaitenga kuti?

Lachitatu, 11 Juni
Dalaivala waphedwa. Ndatsala ndi awiri. Mkamwini akuwotcha malaya kuseri kwa nyumba. Ine ndikuti ndi nsikidzi. Mkazi wanga: "Bambo a Esinati, mukumudziwa kodi munthuyu?" Sindikumudziwa. Koma kukhala pamudzi pa eni ndikukudziwa.

Lachinayi, 12 Juni
Chiperoni. Phiri silikuoneka, batire silinadye dzuwa, kanema palibe. Pamjigo apongozi akufotokoza nkhani yonse ngati yachitika kwa Nazombe. Mayi wina akufunsa ngati maliro aikidwa kale.

Lachisanu, 13 Juni
Mkazi wamng'ono naye waphedwa! Kwatsala m'modzi. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndakweza mawu pawindo: "Ndi malume a ndevuwo, ndikunena ine!" Ndaiwala kuti lero malume a mkazi wanga, eni mbumba, abwera kudzaonera. Akhala pafupi ndi windo. Ndevu ali nazo.

Loweruka, 14 Juni
Ndi iyeyo. Mkamwini. Poizoni mu tiyi, chifukwa cha sitolo. Apolisi akumumanga, iye akuseka! Ine ndamuimira pawindo mpaka miyendo kuchita dzanzi, iye osadziwa n'komwe kuti ndilipo. M'nyumbamo onse atembenukira kuwindo.

Lamulungu, 15 Juni
Pochokera kutchalitchi ndagula mandasi, ndatuma mkazi wanga akapereke kwa apongozi ngati chipepeso. Ndikuonera patali. Apongozi anyema kachidutswa, aponyera galu. Akudikira. Malume nawonso akudikira. Galu ali bwinobwino, akugwedeza mchira. Apongozi ayang'ana kumene ndaima, amuponyeranso lina, lathunthu, kuti atsimikize.