Tambala wa a Kamphonje ndi Chitini cha Makaniko

Sendezani mipando kuno, ana inu, mumve kumene kunachokera mawu aja amene akuluakulu amakudzudzulani nawo mukamachita zinthu modzidalira. Mwambiwo unayamba motere.

Ku Mchinji, chakufupi ndi Kapiri, kunali mlimi wa fodya dzina lake Lufeyo Kamphonje. A Kamphonje anali munthu wolimbikira ntchito, wopatsanso, koma anali ndi nthenda imodzi. Mawu akuti "sindikudziwa" ankawakanirira pakhosi. Akasochera ankayenda mpaka dzuwa kupendeka osafunsa njira, ati kufunsa n'kwa ana asukulu.

Chaka china fodya anayenda bwino ku okushoni, ndipo a Kamphonje anagula pikapu yoyera pa kampani ina yogulitsa magalimoto ku Lilongwe. Patapita miyezi itatu anawaimbira foni kuti abwere nayo ku sevisi yoyamba. Tsiku lake linali Lachisanu, pamene Loweruka m'mawa kunyumba kwawo kunkabwera akuchimuna kudzakamba za ukwati wa mwana wawo Felesiya. Chitopa chinali chitasesa khola lonse, choncho mkazi wawo, Nangondo, anawatuma kuti akagule tambala wamkulu woti alendo adzadye. Anamugula popita, pamsika wa pa Kamwendo, n'kumumanga miyendo, n'kumugoneka kumbuyo kwa pikapu.

Mlamu wawo anali atawanong'oneza kuti kumalo oterowo munthu wozindikira amasiya kangachepe ka tiyi kwa amene amugwirira ntchito. Koma zoti apatse yani, nthawi yanji, mlamuyo sananene, ndipo a Kamphonje sanafunse. Anangosintha ndalama kukhala zing'onozing'ono n'kudzaza thumba la jekete.

Atafika, mlonda anawatsegulira geti, iwo n'kumupatsa kangachepe. Mlonda uja anamenya sawatcha, ndipo mtima wa a Kamphonje unakoma. Anapatsanso amene anawalozera poimika galimoto, kenako mayi amene ankakolopa pakhomo. Mtsikana wa pa desiki yolandirira alendo anakana mwaulemu, nati malamulo a pamalopo sawalola iwo a muofesi kulandira kanthu, koma a Kamphonje anaona ngati ndi manyazi chabe, n'kumusiyira pansi pa mphika wa maluwa.

M'chipinda chodikirira, bambo wina wovala malaya oyera anawapatsira nyuzipepala. Dzanja la a Kamphonje linali litazolowera kale njira ya kuthumba, ndiye linapitanso. Bambo uja anayang'ana ndalamayo nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa kuti iye ndi m'busa, akudikiranso galimoto yake, koma ayiponya m'mbale ya chopereka Lamulungu. A Kamphonje anatsokomola, nati n'zimene amatanthauza.

Potuluka m'chipindamo kuti manyazi awapole, anaona mkulu wina waimvi, wovala kabudula ndi patapata, akupukuta galasi la galimoto yatsopano. Chisoni chinawagwira. Anamuyandikira, n'kumufumbatitsa ndalama yomaliza imene inatsala m'thumba.

"Pamsinkhu wanuwu akukupukutitsani magalasi, bambo? Eni malo ano alibe umunthu. Mukanangobwerera kumudzi, mukalime kadimba."

Analankhula mokweza kuti onse amve, ndipo onse anamvadi. Cholembera cha mtsikana wa pa desiki chinagwa pansi, iye osachitola. Mkulu uja anathokoza, napinda ndalamayo bwinobwino, n'kuika m'thumba la kabudula. Kenako anayenda pang'onopang'ono kukalowa muofesi yaikulu ya kumapeto, n'kukhala pampando wachikopa kuseri kwa tebulo. Mlonda ndiye anadzawanong'oneza a Kamphonje kuti amenewo ndi eni ake a kampaniyo, ndipo kupukuta magalimoto atsopano ndi chizolowezi chawo cha m'mawa uliwonse.

M'nyumbamo munali mozizira, koma a Kamphonje thukuta linawatsika mpaka m'masokosi. Anakakhala pakona, nyuzipepala kumaso, osawerenga ngakhale liwu limodzi.

Chakumasana kunabwera makaniko amene anagwira galimoto yawo, bambo wamfupi wa manja akuda ndi oyilo, dzina lake Che Asedi. Anafotokoza kuti atasintha oyilo anapeza paipi ya mabuleki ikukhulana ndi chitsulo, itatsala pang'ono kubooka. Akanapanda kuiona, tsiku lina pamtsetse mabuleki akanangokana. Anaikonza pa nthawi imene anzake anapita kukadya.

Apa a Kamphonje anazindikira kuti pa anthu onse amene anakumana nawo tsikulo, woyenera kuthokozedwa anali uyu. Anapisa m'thumba la jekete, mulibe. La thalauza, munali makiyi a nyumba ndi chiphaso basi. Che Asedi sanapemphe kanthu, anangopereka makiyi a galimoto n'kuyamba kubwerera. Nthawi yomweyo tambala uja analira kumbuyo kwa pikapu. A Kamphonje sanaganize kawiri. Anamunyamula, n'kumuika m'manja mwa makaniko.

Che Asedi anakana kawiri, kachitatu analandira. Anati pa zaka makumi awiri zimene wakhala akugona pansi pa magalimoto a anthu, ena amamusiyira ya tiyi, ambiri amangoliza injini n'kumapita, koma nkhuku yathunthu sanalandirepo. Mtima wake sunalole kuti munthu wotere achoke chimanjamanja. Anathamangira kumene ankasunga zinthu zake, n'kubwera ndi chitini chakale cha majarini chotsukidwa bwino.

"Bwana, ine ndilibe chachikulu, koma landirani ichi. N'chochokera kunja, sichipezeka wamba. Mumadziwa kagwiritsidwe kake?"

A Kamphonje anatsegula. M'katimo munali chinthu chachikasu, chofewa, chonunkhira ngati nthochi yakupsa. Anali asanachionepo chibadwire. Koma tsiku limenelo anali atachita kale manyazi kawiri, ndipo sanafune kachitatu.

"Ichi? Kwathu sichisowa ichi, Che Asedi."

"Basi, ndiye sindichulutsa zonena. Muzingopaka mopyapyala, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Mudzaona nokha, aliyense azicheuka."

Atafika kunyumba, Nangondo anasuzumira kumbuyo kwa pikapu n'kupezamo chingwe ndi nthenga ziwiri. Atamva kumene tambala anapita, anakhala pansi pakhonde, manja m'masaya. A Kamphonje anamulimbitsa mtima kuti abwera ndi choposa nkhuku, batala wochokera kunja, amene ngakhale m'masitolo a ku Lilongwe sapezeka. Nangondo ananunkhiza, nakwinya mphuno, n'kufunsa dzina lake la batalayo, ndiponso ngati anafunsa bwino kwa mwini wake. Iwo anayankha kuti zinthu za kunja zimanunkhira choncho, ndipo mkazi amene sanapitirire pa Namitete asawaphunzitse za m'tauni. Nangondo anangopita kwa mng'ono wake kukapempha bakha woti alendo adzadye masana.

Loweruka m'mawa alendo anafika anayi. Wowatsogolera anali a Binwelo, malume ake a mnyamata, amene anagwira ntchito yoyendetsa mabwana a m'boma zaka makumi atatu asanapume. Atalonjerana, Nangondo anabweretsa tiyi ndi buledi, koma kupaka a Kamphonje anati apaka okha. Pa buledi wa alendo anapaka mopyapyala monga anawauzira Che Asedi. Pa buledi wawo anaunjika, poti mwini nyumba ayenera kuonetsa kuti zoterezi anazizolowera.

Alendo ankadikira kuti a Binwelo ayambe, koma a Binwelo anali akufotokozabe za ulendo wawo. A Kamphonje analuma. Chinthu chija chinamata kumano, chinamata m'kamwa monse, ndipo kukoma kwake kunali pakati pa sopo ndi palafini. Anatafuna molimba mtima, nameza, n'kugwedeza mutu ngati munthu wokhutira. Atamwera tiyi, tiyiyo anangotsetsereka pamilomo ngati mame pa tsamba la nthochi, n'kudonthera pa tayi. Anapukuta, natenga chidutswa chachiwiri, kenako chachitatu, misozi ikulengeza m'maso, uku akuuza alendo kuti asachite manyazi.

Pamenepo a Binwelo anatenga chidutswa chawo. Chitafika pafupi ndi mphuno, dzanja linaima. Fungo limenelo analidziwa monga munthu adziwira fungo la m'nyumba mwake. Anabweza buledi m'mbale pang'onopang'ono, natambasula dzanja kuletsa anzawo, n'kupempha kuti aone chitinicho. Anatapa pang'ono ndi kampango ka m'thumba, natuluka panja. Onse anawatsatira. Anapaka pa chitseko cha pikapu, nadikira pang'ono, n'kupukuta. Pamalopo panawala mpaka nkhope za anthu onse zinaonekera, pakati pawo nkhope ya a Kamphonje, milomo ikunyezimira chimodzimodzi ndi chitsekocho.

"Bambo Kamphonje," anatero a Binwelo motsitsa mawu, "ili ndi phula lopukutira galimoto. Mwadya zidutswa zingati?"

A Kamphonje anayesa kuyankha, koma milomo inali itamatana. Anangokweza zala zitatu.

Panalibe amene anaseka. Mayi wina mwa alendowo, azakhali ake a mnyamata, anayang'ana buledi amene anali akadali m'manja mwake, n'kumugwetsa ngati wamuotcha. Nangondo anaika manja kumutu. Felesiya, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anayamba kulira chamumtima poona kuti ukwati wake wathera m'chitini cha majarini. Kenako m'mimba mwa a Kamphonje munamveka kubangula kumene ngakhale agalu anadzuka nako.

A Binwelo ndiwo anayendetsa pikapu kupita kuchipatala, mwini wake atagona kumbuyo pamene panagona tambala dzulo lake. Namwino anafunsa katatu chimene wodwalayo wadya. Atamva yankho lomwelo katatu konse, anakaitana mnzake kuti adzamve yekha, poopa kuti akadzafotokoza sadzamukhulupirira. Anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti moyo ulipo, koma masiku awiri asatalikirane ndi chimbudzi.

Kunyumba nkhani inali itavuta. Azakhali aja ankati sangapereke mwana wawo kubanja limene limadyetsa alendo mankhwala a galimoto, ndipo ndani akudziwa ngati sichinali chiwembu. Pofuna kuti zonse zimveke, Nangondo anapeza nambala ya kampani ija pa pepala la sevisi n'kuimba, alendo onse akumva. Che Asedi atabwera pafoni n'kumva zimene zachitika, anadabwa kwambiri. Kenako ananena kuti iye anawafunsa bwana aja ngati akuchidziwa, ndipo anamuyankha kuti kwawo sichisowa.

A Binwelo atabwerako anaweruza nkhaniyo mwachidule. Anati munthu wachiwembu sayamba ndi kudya yekha zidutswa zitatu. Anatinso munthu amene angapereke tambala wa alendo kwa makaniko chifukwa chosafuna kuchoka osathokoza, mtima wake ndi wabwino, vuto lili pakamwa pokha posafuna kufunsa. Ukwati unapitirira, koma akuchimuna anapempha chinthu chimodzi, kuti pa tsiku la phwando chilichonse cholowa m'kamwa mwa anthu chidzadutse m'manja mwa Nangondo.

Lolemba m'mawa Nangondo anapita kumjigo. Amayi anzake anali ataona pikapu ikuthamangira kuchipatala, ataonanso a Kamphonje akuyenda chowerama pakati pa nyumba ndi kuseri, ndiye anamuzungulira kufunsa chimene chawagwera bambo a Felesiya. Ena ankati ndi malungo, ena ankati alodzedwa chifukwa cha galimoto. Nangondo anatsuka ndowa yake, naitchera pampopi, n'kudikira kuti idzaze. Atasenza, anawayang'ana onse n'kunena mawu atatu okha, amene mpaka lero tikuwanenabe:

"Safunsa anadya phula."