Firiji yakufa inandithamangitsira kwa apongozi

Mpaka lero ndikamva tayala la njinga likuphwa, mtima umandigunda. Zinayamba ndi firiji yakufa ya apongozi anga aakazi, kwa Nsamala kumene ndili pa chikamwini.

Firijiyo inangokhala pakhonde, nkhuku zikugona pamwamba. Ine ndinaganiza zoisandutsa mosungira chimanga kuti anankafumbwe asachione, injini yake ndigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Mkazi wanga anandichenjeza kuti ku Balaka kuli amisiri amene amayamba apopera gasi m'botolo, kukhetsa mafuta, kenako n'kuchotsa chitseko kuti ana asadzitsekeremo. Ndinamuyankha kuti chinthu chakufa kalekale sichipuma. (Akamwinife timafuna mudzi uzidziwa kuti sitinabwere kudzangodya.)

Ndinaikokera pabwalo, pafupi ndi mphasa imene apongozi anayanikapo ufa woyera. Ndinaika tchizulo pa kapaipi kakumbuyo n'kumenya ndi hamala. Chinthu chija chinalira kuti psiii! Mpweya wozizira unandiwomba kumaso, mafuta n'kuwazikira pa ufa wonse. Ndinati basi, chiphulika.

Ndinathawa maso ali chitsekere n'kulowa khomo limene ndinayamba kulikhudza. Munali m'khitchini, momwe apongozi ankaphika. Tsono kuno mkamwini ndi apongozi aakazi amapatukirana njira, moni amapatsirana patali, nkhope kumbali. Ine ndinapezeka nditawagwira chitenje ndi manja awiri, ndabisala kumbuyo kwawo ngati mwana woopa jekeseni.

Manyazi ake sindingathe kuwafotokoza. Ufa wawonongeka, ulemu ndautaya, ndinangodikira kuuzidwa kuti nditole zovala ndizibwerera kwathu ku Machinga. Koma iwo anatunga madzi n'kundiuza kuti ndisukusule msanga, gasi ameneyu amawononga maso. Mkazi wanga atayamba kundikalipira, anamudula pakamwa.

“Iyayi, asiye bambo. Ufa tikagayitsa wina, nanga maso akanakagayitsa kuti?”

Misozi inandilengeza, ndipo sikuti inali ya gasi yokha.

M'mawa mwake ndinakweza firiji pangolo kupita nayo kwa amisiri, ntchito imene ndinayenera kuyambira. Ndaphunzira kuti firiji, ngakhale itafa bwanji, siyogogoda ndi hamala. Pobwerera ndinakumana ndi apongozi panjira yakumjigo. Ndinayamba kupatukira kutchire mwa nthawi zonse, koma iwo anaima pomwepo, akudziletsa kuseka.

“Dutsani pompano bambo. Munthu woti munandigwira kale chitenje, mukuthawanso chiyani?”