Kwa Amene Anasayina Satifiketi Yanga Yokwerera Mitengo

Kandeu,
Ntcheu.

Olemekezeka a Wapampando,
Bungwe Loyesa Anthu Odulira Mitengo,
Kutsidya kwa Limpopo.

Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndine Yoramu Ngozo wa kuno ku Kandeu, mmodzi wa anthu amene munawapatsa satifiketi chaka chathachi. Simungandikumbuke, poti tinaonana pa pepala pokha. Ndalemba m'Chichewa mwadala, kuti nanunso mulaweko zimene ndinalawa ine pa mayeso anu a Chingerezi aja.

Agogo anga anapita ku Joni kukalowa pansi m'migodi. Ine ndinapita kukakwera m'mwamba. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikudulira mitengo m'mayadi a anthu olemera, kutsitsa nthambi pamwamba pa madenga a matailosi osaswa ngakhale limodzi. Tsono ndati ndikuthokozeni mwandondomeko.

Choyamba, zikomo pondidziwitsa kuti zaka zonsezo sindinali wodulira mitengo. Ndinkangoganiza chabe. Tsiku lina bwana wa kampani yathu anati ntchito zikuluzikulu sakupatsanso anthu opanda pepala lanu, ndipo anasankha Elson wa ku Sharpevale kukhala kapitawo wathu. Elson ndi munthu wabwino, timadyera limodzi. Vuto lake ndi loti akakwera pampando kuti asinthe babu amachita chizungulire. Koma pepala ali nalo. Ndiye amaima pansi, kumandilozera nthambi imene ndaidula kale.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayeso olemba, amene ndinalephera kawiri. Munaonetsa chithunzi cha mtengo n'kufunsa dzina lake. Ndinalemba kuti bulugamu. Munathetha, ati mumafuna dzina la Chilatini. Ine Chilatini ndinkachimva kwa ansembe okalamba a ku Nzama, sindinkadziwa kuti nayo mitengo inabatizidwa. Munafunsanso chimene munthu ayenera kuchita asanakwere mumtengo. Ndinayankha kuti apemphere, kenako ayang'ane ngati mulibe njuchi. Pa njuchi munachonga, pa pemphero munathetha.

Chachitatu, mayeso okwera. Apa ndinati ndiwaonetse kuti kwathu ndi kumapiri. Mayi amene ankatiyesa asanamalize kulankhula, ine ndinali nditavula kale nsapato, ndili pansonga, ndikubayibitsa anzanga. Nditayang'ana pansi ndinaona zingwe zonse, lamba ndi chisoti zili pa kapinga pamene anandiikira. Mayiyo analemba mawu amodzi okha n'kutseka buku.

Koma ndisakunamizeni ngati zonse zinali zoseketsa. Tsiku limene munatiphunzitsa kutsitsa munthu wovulala mumtengo, pogwiritsa ntchito chidole cholemera ngati thumba la chimanga, ndinakumbukira mnzanga Cyprian. Makina ochekera anamutema pamkono ali m'mwamba, ndipo analendewera pa chingwe kwa ola lathunthu ife tikungokuwa pansi, osadziwa pogwira. Lero ali kwawo ndi mkono umodzi, akazi ake ndi amene amalima kachewere. Chidole chanucho ndinachitsitsa m'mphindi zisanu ndi chimodzi, ndipo nditafika pansi sindinathe kuyang'ana munthu kumaso. Pamenepo pokha, bwana, zikomo yanga ndi yeniyeni.

Ulendo wachitatu ndinakhoza. Ndinabwera kumudzi pa Khirisimasi pepala lili mu fulemu, ndipo mkazi wanga Dailes analikoleka pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wathu. Mbiri inamveka mpaka pamsika kuti Yoramu wabwera ndi digiri ya mitengo.

Chachinayi ndi chimene chandilembetsa kalatayi. Apongozi anga aamuna, a Paison, ali ndi mitengo iwiri ya bulugamu kuseri kwa nyumba, ndipo anandipempha kuti ndiyambe kugwetsa waukuluwo. Anthu anabwera ngati kuli mpira. Ndinavala chisoti, magalasi, zotseka m'makutu. Ndinazunguliza chingwe chofiira kuti anthu aime patali, ndinayeza kutalika kwa mtengo ndi kamtengo m'manja monga munatiphunzitsira, ndinawafotokozera kwa nthawi yaitali pamene udzagwere, mpaka ndinakhomapo chikhomo.

A Maynard, bambo wachikulire amene wagwetsa ndi nkhwangwa pafupifupi mtengo uliwonse umene unagwapo m'mudzi muno, anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, mphepo yatembenuka, ikuchokera kudambo tsopano. Dikirani pang'ono."

Ine, munthu wophunzira, ndinatukula chotseka khutu chimodzi n'kuwafunsa pagulu kuti, "A Maynard, pepala muli nalo?"

Anabwerera n'kukhala pa chitsa.

Mtengo unagwa bwino kwambiri, bwana, mwaulemu, mosathamanga. Kungoti sunaone chikhomo changa. Unapita kumanzere n'kuchotsa denga ndi khoma limodzi la chimbudzi. Chimene sindinayang'ane pozunguliza chingwe chofiira chija n'chakuti m'chimbudzimo munali munthu. Fumbi litatha, mudzi wonse unaona apongozi anga ali chinjutire, osavulala ngakhale pang'ono, masamba a bulugamu ali pamutu. Azimayi anathawa atagwira pakamwa. A Paison anamanga lamba wawo mosafulumira, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Akamwini, zimenezi ndiye za pa satifiketi zija?"

Ndinaumba njerwa milungu iwiri. Dailes anatembenuza fulemu ija kuti iyang'ane kukhoma, ndipo akuti idzatembenuka tsiku limene mayi ake adzasiye kuseka.

Anzanga amene ali ku Joni amandifunsa pa foni ngati pepala lanuli lili ndi phindu. Ndimawauza zoona. Kumeneko landibwezera ntchito imene ndinali nayo kale, ndipo Elson akadali kapitawo chifukwa iye watenganso pepala lachiwiri. Kuno kwathu landipatsa dzina latsopano limene sindingalembe m'kalata yopita kwa munthu wolemekezeka.

Tsopano pempho langa, bwana, ndi laling'ono. Bulugamu wachiwiri uja wapendekera ku chimbudzi chatsopano, ndipo mvula yayamba. Ine apongozi andiletsa kuyandikira mtengo uliwonse pakhomo pawo, ngakhale wa papaya. Titapita kukapepesa kwa a Maynard kuti atithandize, anatilandira bwino, anatipatsa mpando, n'kunena kuti iwo sangayerekeze poti alibe pepala.

Popeza ndinu amene munasayina kuti ine ntchito ndimaidziwa, ndiye kuti inuyo mumaidziwa koposa. Chonde bwerani mudzatigwetsere. Mukatsika basi pa boma mudzakwere ya ku Kandeu, mudzangofunsa kwa mkamwini wa chimbudzi, aliyense adzakulozerani. Makwerero tidzabwereka kutchalitchi, poti ndamva kuti chibadwire simunakwerepo mumtengo.

Ine wanu wodzichepetsa, wokhoza ulendo wachitatu,

Yoramu Ngozo