Fani ya Tadala

Lolemba

Fani ndagula! Yaing'ono, yabuluu, yoyendera batire. Amake Tadala anena pafoni: "Nyumba yanu yamalata ija ndi uvuni. Ikani fani, Lamulungu tibwera." Chipitireni kwawo ku Nsanje kukachira, mwanayo ndinangomunyamula ali wofiira. Akuti tsopano amaseka. Ine sindinamumvepo.

Zomwe ndili nazo:
- sola ya mawati 50, malinga ndi zolemba kumbuyo kwake
- batire la mavoliti 12, lopuma pantchito ya minibasi
- mita yoyezera magetsi, yobwereka kwa Zuze, mnzanga wa zamagetsi ku esiteti ya nzimbe
- fizikisi ya Fomu 4, idakali yatsopano poti sindinaigwiritsepo ntchito

Ndikuyeza fani: mavoliti 12, maampu 2. Mphamvu ndi mavoliti kuchulukitsa ndi maampu: mawati 24. Rezisitansi, makani a chinthu pokaniza magetsi kudutsa, ndi mavoliti kugawa ndi maampu: maomu 6. Sola ikupereka 50, fani ikudya 24. Masamu akuti banja langa likubwera.

Lachiwiri

Amayi, omwe nyumba yawo yayang'anizana ndi yanga, akukana batire kuchipinda: "Lingaphulikire mdzukulu wanga." Batire kukhitchini, fani kuchipinda, pakati pake waya wolumikizalumikiza wa masipika akale.

Fani ikuzungulira ngati munthu wongodzuka kumene malungo. Pabatire mavoliti 12, pafani 6, ampu imodzi. Mavoliti 6 asowera m'njira. Ndiye kuti waya yekha ali ndi maomu 6, ndipo mawati 6 akungotenthetsa wayayo, ngati kuti kuno ku Bangula kutentha kunaperewera.

Zuze akuti: "Achimwene, uyu si waya, ndi ulusi."

Batire ndalilowetsa mwakachetechete pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi ya amake Tadala. Sutikesiyo ikununkhirabe mafuta awo odzola. Ndakhala pansi pomwepo kanthawi.

Lachitatu

Ku esiteti awotcha nzimbe, phulusa lakuda likugwa ngati mvula. Sola padenga yachita bii. Ikupereka mavoliti 18, ampu imodzi: mawati 18. Fani ikufuna 24. Masamu ayamba kundiyang'ana cham'mbali.

Ndakwera kukapukuta, malata andiwotcha maondo. Pamwambapo msewu wa ku Nsanje ukuoneka bwinobwino. Minibasi iliyonse yochokera kumeneko ndikuiperekeza ndi maso mpaka pasiteji, ngakhale ndikudziwa kuti lero si Lamulungu.

Sola ndaitsitsa. Ikhala pathandala la mbale, kuti ndizipukuta ndili chiimire.

Lachinayi

Tsiku lonse pakabaza, kupalasa njinga ndi mitanga ya mlamba wouma, mumtima ndikuwerengera magetsi omwe akulowa m'batire. Kufika pakhomo: sola yafunditsidwa chitenje. Chofunditsa bwino, ngodya zonse zotsindira ndi miyala.

Amayi: "Chinthu chodula chonchi n'kuchisiya padzuwa la Okutobala? Ngakhale mbuzi imathawira pamthunzi."

Maampu: ziro. Mavoliti aliwonse ukachulukitsa ndi ziro, ziro yemweyo. Ndawafotokozera kuti sola imadya dzuwa. Ayankha kuti zakudya zina n'zofunika kudya pang'ono. Ndawathokoza, ndi amayi.

Pafoni amake Tadala afunsa: "Fani ikuzungulira?" Ndati ikuzungulira. Sindinanene kuti ndi chala.

Lachisanu

Lero sindinapite kukabaza. Ndakhala pansi pa msawu kulondera sola: kwa phulusa, kwa nkhuku, kwa amayi. Madzulo batire ladzaza, fani ikuuluza makatani! Ndaima patsogolo pake, malaya ali m'manja, ndikuona Tadala atagona pamenepa, timanja tili m'mwamba.

Dzuwa lisanalowe, kulira kwa oyandikana nafe. Bambo Thomu atisiya. Posakhalitsa adzukulu okonza za maliro ali pakhomo: "Tamva muli ndi batire. Kusiwa kukufunika babu ndi sipika ya kwaya."

Pamaliro sakana. Mawa ndi ine, kapena amayi. Ndalinyamula ndekha paphewa.

Babu: mawati 10. Sipika: mavoliti 12, maampu 5, mawati 60! Kwaya ya amayi a kumpingo siidziwa kutopa. Ndikuimba nawo, misozi ikutsika, anthu akuti ndinkawakonda kwambiri malemuwo.

Loweruka

Batire labwera ndi mawu othokoza ochokera kwa anamfedwa. Mavoliti 9. Mbali imodzi yatupa, likununkha mazira owola. Laima pasola mpaka dzuwa kupendeka. Kulumikiza fani: yazungulira pang'ono, yaganiza, yaleka.

Zuze walizunguza, walinunkhiza: "Ilinso muliitanire kwaya."

Zomwe zakonzeka:
- m'nyumba mosesa
- neti yochapa
- kamphasa katsopano ka mwana
- tambala womangirira pamsawu, wodikira alendo

Zomwe sizinakonzeke: mphepo.

Lamulungu

Ndaimba foni m'mawa, asanapite kusiteji. Ndanena zonse: waya, phulusa, chitenje, kwaya. Aseka, kenako akuti:

"Nkhabe, ayi, bambo a Tadala, mwana angapse. Tidikire mvula igwe."

Mvula ya kuno imabwera ikafuna. Tambala ndamumasula, wathawa osatsanzika.

Batire lotupali fani silingaithe, koma dzuwa likakhala pamutu foni likuitchaja. Ndayeza, poti mita ya Zuze ndikubweza mawa: mavoliti 5, ampu imodzi. Mawati 5.

Masana aimbanso: "Musalankhule, ingomverani." Aika foni pafupi ndi mwana. Ndikumva phe, phe, phe, akumukupiza ndi chikatoni. Kenako kaphokoso kakang'ono ngati ntchintchi. Tadala akuseka.

Ndang'amba katoni yomwe fani inabweramo, ndakhala pakamphasa kaja, foni ili kukhutu. Ndikudzikupiza motsatira phe, phe wawoyo, mpaka mayunitsi athe.