Zikwangwani za pa Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba
Loweruka likubwerali ndi chinkhoswe cha mwana wanga Tadala ndi Chinedu wake wa ku Nigeria. Holo yapezeka ku Woolwich, kuno kwa Angerezi. Ndaganiza zoti tebulo lililonse likhale ndi chikwangwani cha mtundu wa anthu ake, m'Chiigbo, akuchimuna aone kuti kwathu n'kwaulemu. Amalawi, Azambia (abale a bambo a Tadala), Angerezi (aneba). Mawu atatu basi!

Lachiwiri
Chinedu watumiza pafoni: "Ndị Malawi. Ndị Zambia." Ine ndapempha Chiigbo, iye akundibwezera Chichewa changa chomwe! Ndi Malawi chiyani? Mkamwini wachipongwe asanalowe n'komwe pakhomo.

Lachitatu
Tadala akuti kwawoko "ndị" ndiye kuti "anthu a", ndipo pansi pa i pali kadontho. Kadonthoko dzulo lonse ndinakhala ndikukapukuta pafoni, kuyesa nyenyeswa ya buledi.

Lachinayi
Mawu oti Angerezi avuta. Mnzanga wa kuntchito wa ku Nigeria, dzina lake Ngozi, akuti "ndị Bekee". Mayi wogulitsa nsomba zouma kumsika akuti "ndị ọcha", kutanthauza azungu. Nanga a Denise, aneba anga obadwira ku Romford, akuda bii ngati ine? Ndawafunsa. Akuti, "Mundiike pafupi ndi chakudya." Anthu alibe chidwi!

Lachisanu
Wosindikiza wachotsa timadontho tonse, ati kunali kuda kwa pepala. Alamu anga a ku Chipata aona chithunzi: "Mulamu, mwalemba bwino maningi, ndi Zambia zoona!" Achimwene anga akwiya, akufunsa amene wagulitsa chinkhoswe kwa Azambia. Kenako Tadala: "Mum, ine ndikhala tebulo liti?" Anabadwira konkuno ku Greenwich. Sindinamuganizire mwana wanga yemwe.

Loweruka
Zimene zachitikira zikwangwani zanga:
china aikapo poto wotentha,
china akudzikupizira mphepo amalume a Chinedu,
cha Angerezi chasowa.
Aliyense wakhala pomwe wafuna. Ndaimirira, n'kunena zomwe ndaloweza m'basi: "Abụ m onye Malawi." Ndine Mmalawi. Mayi a Chinedu alulutira, andikumbatira mpaka duku kugwa, n'kulengeza holo yonse kuti mkazi wa mwana wawo ndi wa ku Mali. Mali! Tadala akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Lamulungu
Mapazi atupa, kutchalitchi sindipita. Mayi a Chinedu aimba foni, akunditchula "ọgọ m". Tadala akuti ndi mmene makolo a mbali ziwiri amaitanirana. Ine ndamva ngati "agogo". Sindifunsa. Ndithire tiyi kaye.