Timabowo Tisanu ta Pansi pa Chitseko

Mwambi mumaumva akuluakulu akutchula mvula ikagwa uja, ana inu, unayamba motere.

Pa Lizulu panafika mlendo wina, dzina lake a Gwedeza, amene anakhalitsa ku Joni. Atangomaliza kumanga nyumba, anapita kwa a Likongwe, mmisiri wa matabwa, kukapempha chinthu chimene anthu a pamenepo anali asanachionepo: chitseko chopinda.

"Chopinda bwanji, bambo?" anafunsa a Likongwe.

"Zitseko zinayi zolumikizana, zoyenda panjanji. Ukakankha zizipindana ngati nsalu. Mayi akunyumba ndi telala, ndiye ndikufuna odutsa pamsewu aziwaona akusoka."

A Likongwe anali munthu wosayankhulayankhula. Anapala matabwa a mlombwa masabata awiri, n'kuwapaka vanishi katatu. Tsiku lokhoma anaimika felemu, kuyeza ndi levulo, kumanga timawilo, kenaka kumata mphira m'mbali monse kuti mphepo ndi madzi zisapeze mpata. Sitepe ya pakhomo anaipendeketsa pang'ono kuti iziyang'ana kunja. Pomaliza anaboola timabowo tisanu m'njanji ya pansi.

A Gwedeza anagwira m'chiuno.

"Amisiri, ndakuitanani kuti mutsekere madzi kunja. Inu mukuwaboolera khomo?"

"Madzi satsekeka onse, bambo. Ogwera m'njanjimu amafuna potulukira."

"Ku Joni zimenezo kulibe."

A Likongwe akulongedza zida, Nasibeko, mkazi wa a Gwedeza, anawabweretsera tiyi ndi mbatata, n'kunong'ona kuti, "Musadandaule, amatero ngakhale kwa adokotala."

Patapita masiku atatu, a Likongwe anadutsa pomwepo n'kuima chilili. Timabowo tonse tinali titamatidwa ndi simenti. Sitepe ija inali itawongoledwa, yati see ngati tebulo. Chakumtunda kwake a Gwedeza anali ataunjika dothi lofiira loti adzalepo maluwa.

"Ndakonza zimene munalakwitsa zija," anatero eni nyumba mokondwa. "Koma sindikuimbani mlandu, ntchito inayi mwaigwira bwino."

"Dothilo mulisunthe mvula isanagwe."

"Igwe kumene. Ndikuidikira."

Ndipo ankaidikiradi. Anthu a pamsika anali atachipatsa kale chitsekocho dzina loti kodiyoni, choimbira chopinda ndi kutambasula chija, ndipo ankati mvula yoyamba idzachiimbitsa nyimbo. Zimenezi zinkawawawa a Gwedeza. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iwo ankangoyang'ana kumwamba. Kamtambo kakaoneka cha ku Dedza, ankatulutsa mpando n'kukhala pakhonde. Kakapita, ankakanyoza.

"Bambo a Tiyese, musaiitane mvulayo," ankatero Nasibeko, akuwatchula amuna awo ndi dzina la mwana wawo. "Muno muli diresi la mkwatibwi, ukwati ndi Loweruka. Likada ndikawauza chiyani eni ake?"

"Mayi, muno simungalowe ngakhale dontho."

Lachinayi masana kunada bii. A Likongwe ataona mitamboyo anasiya kupala mpando, n'kutenga tchizulo, hamala ndi khasu. Sanauze munthu kumene akupita.

Anafika kwa a Gwedeza mvula itayamba kale. A Gwedeza anali atapinda chitseko chonse, khomo lili yasa, akuitana anthu amene anabisala pakhonde la sitolo yoyang'anana nawo.

"Akuluakulu, yang'anani kuno. Ndikankha ndi chala chimodzi."

Anadikira kaye kuti anthu achuluke. Pamene ankadikirapo, dothi la maluwa lija linasungunuka, n'kutsetsereka, n'kufika pasitepe yowongoka ija. Posowa kolowera, linadzaza njanji yonse. A Gwedeza anakankha ndi chala. Anakankha ndi dzanja. Anakankha ndi phewa. Chitseko chinayenda mpaka pakati n'kuima nji, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo.

"Kodiyoni yakana nyimbo, achimwene," anatero wina kusitolo kuja.

Madzi ofiira anasefukira m'nyumba. Nasibeko anakwera patebulo, diresi loyera atalikulunga m'chitenje n'kulisenza pamutu. Ankangoyang'ana amuna awo, ndipo kuyang'anako kunali kokwanira.

A Likongwe analonjera eni nyumba mwaulemu ngati kunja kuli dzuwa, kenaka anawapatsa khasu.

"Lambulani ngalande apa, bambo, madzi azidzera uko."

Amisiriwo anagwada m'matopemo n'kuyamba kugogoda simenti ndi tchizulo. Bowo loyamba litatseguka, madzi anatuluka ngati mkodzo wa ng'ombe. Lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu. Anakokolola matope m'njanji ndi zala, malaya awo n'kukodwa pahinjesi yolumikiza zitseko, kung'ambika kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Atatsuka timawilo anadzuka.

"Kankhani tsopano."

A Gwedeza anakankha ndi chala chimodzi, chitseko n'kutsekeka bwinobwino. Mvula inkamenya matabwa, koma m'kati simunalowenso kanthu. Anthu a kusitolo aja anaomba m'manja, ndipo sizinadziwike kuti akuombera ndani.

Nasibeko anatsika patebulo n'kutambasula diresi. Linali loyera mbee. Anapatsa a Likongwe jekete la amuna awo kuti afunde, n'kutenga malaya ong'ambika aja. Makina osokera anayamba kulira.

A Gwedeza anakhala pampando, matope mpaka m'mawondo, ena ali m'khutu. Anayang'ana chitseko chawo monyadira, kenaka anayang'ana pansi pamene panali phala lofiira lokhalokha.

"Mwaona, amisiri, chitsekochi ndi chabwino. Yalakwa ndi mvulayi. Ine ndimapempha yoyera, si iyi yobwera ndi dothi."

Nasibeko anadula ulusi ndi mano, anapinda malaya n'kuwaika pamiyendo pa a Likongwe. Kenaka anatenga chikolopa n'kupatsa amuna awo.

"Bambo a Tiyese, walira mvula walira matope."