Malamba a Katapila Wanga

Lolemba

Kutentha kwake! Ndikulemba nditakhala pansi pa mtengo wa nimu, thukuta likudonthera pakope.

Nkhani ndi iyi. Dzulo kunabwera a Khembo, atsibweni ake a mkazi wanga Felista, amene ndi kapitawo ku galaja ya kumunda wa nzimbe. Ndinawaonetsa kaloboti kanga. Thupi ndi chitini cha mafuta ophikira, mota ndinachotsa mu wailesi ya kaseti imene mwini wake anataya nayo mtima, mawilo ndi zitini za polishi, maso ndi timababu ta tochi, kutsogolo kuli kadzanja ka paipi konyamulira bokosi la machesi. Patebulo kamayenda kokha bwinobwino. Koma pabwalo, mayo ine! Kanangosuntha pang'ono, wilo n'kugwera mumng'alu. Makande a kuno chilimwe amang'ambika moti nkhuku ikhoza kutayamo mwanapiye.

A Khembo anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anati Loweruka adutsanso. "Kakachoka pa nimu pano n'kukafika pankhokwe osakakhudza ndi dzanja, ndikakulankhulirani kwa bwana, akamwini."

Ntchito ya kugalaja ili ndi nyumba yake kumalayini. Nyumba! Chitseko changachanga! Chikwatirireni ndili pachikamwini pano, kukonza mawailesi a anthu pakhonde la eni ake. Apongozi ndi munthu wabwino, sindikuwanena, koma mwambo ndi mwambo: sitionana maso, sitilankhulana, m'nyumba mwawo sindipondamo. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire lakumanja, ine lakumanzere, ndipo tsiku lina tonse tinapatukira mbali imodzi. Ngakhale kubwereka nkhwangwa, mawu amadzera mwa Felista. Ndatopa nazo.

Nzeru ndaipeza. Katapila wokonza msewu wa ku Nsanje sagwera m'ming'alu chifukwa sayendera mawilo, amayendera malamba. Basi, kanganso kavala malamba.

Zofunika:
malamba awiri (opangidwa ndi chiyani kaya)
mawilo ena oonjezera
mabatire atsopano
Felista asiye kukatchula kuti "mkazi mnzanga"

Lachiwiri

Tcheni cha njinga! Ndadzuka nacho m'mutu.

Ulendo wa kumsika kwa Ngabu. Pachipata anyamata a chipani akufuna khadi la umembala. Khadi lili m'thumba la malaya, malayawo Felista wachapa m'mawa. Kubwerera. Khadi lanyowa chepechepe. Ndaliyanika pamwala, mbuzi yabwera kudzalinunkhiza, ndaithamangitsa. Kupitanso kumsika, dzuwa lonse lija pamsana. Tcheni ndachipeza kwa okonza njinga, chadzimbiri koma chathunthu.

Kudula pakati, kulumikiza, kuveka. Kakuoneka mochititsa ulemu zedi. Ndayatsa. Maso ayaka, mota ikulira, kanthu kali phee pomwepo. Kenako fungo la waya wopserera.

A Zuze, mnansi wathu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, aima chapatali, manja kumbuyo, kupukusa mutu. "Shamwali, ichi nkhabe famba." Ndikudziwa kuti sichikuyenda, a Zuze, maso ndili nawo! Akuti tcheni chalemera, mota yotere singakoke. Akutinso iwo akasinja enieni anawaona ndi maso awo kwawoko, ndipo kanga kayamba kufanana nawo, makamaka kapaipi kakutsogoloko. Wina akhoza kukanena kwa atcheyamani kuti mkamwini wa pakhomo paja akupanga zida.

Zimenezo sindinaziganizepo. Kadzanja ndachotsa, ndakwirira kudzala. Pambali pa chitini ndayamba kulemba CHITUKUKO kuti aliyense aone kuti ndi thirakitala. Penti yandithera panjira, ndamaliza ndi makala.

Lachitatu

Tcheni chapita kukhola la mbuzi, chikakhale chotsekera. Lero ndi chubu cha njinga. Ndadula malegeni awiri otambalala, ndasoka ndi ulusi wa nsapato. Opepuka ngati tsamba.

M'mawa, kusanatenthe: kayenda! Kadumpha mng'alu woyamba, kadumpha wachiwiri. Ndavina ndekha pabwalo. Mwana wathu Rute, amene sanayambe n'kulankhula komwe, waomba m'manja. Ameneyu adzakhala munthu wanzeru.

Masana ndaitana a Zuze adzaone ndi kuchita manyazi. Mawilo akungozungulira m'kati, malamba ali lende, kanthu osasuntha. Wochita manyazi ndine. Ndafupikitsa malamba, ndasokanso, kayenda. Madzulo kutayamba kamphepo, malamba athina, mota ikubuula, wilo lakutsogolo lapindika.

Sindikumvetsa. Malamba omwewo, manja omwewa. M'mawa ndi oyenera, masana ndi aatali, madzulo ndi aafupi. Felista akuti ndi dzuwa, chubu chimafewa, ngakhale mapatapata ake amatero. Mwina. Nanga a Khembo abwera nthawi yanji? Sananene. Kodi ndisoke malamba a m'mawa, a masana ndi a madzulo, ndizikasinthira zovala ngati mkwatibwi?

Kwabwera mwini wailesi ina kudzafunsa ngati yatheka. Ndamuuza kuti chitsulo chake chikuchokera ku Blantyre. Mulungu andikhululukire, sindinaitsegule n'komwe.

Lachinayi

Tayala lakutha la njinga. Silifewa ndi dzuwa, ndipo mano lili nawo kale. Bwanji sindinaganize zimenezi Lolemba? Ndadulira mpeni wa Felista, iye osadziwa. Wadziwa. Chala changanso chatemeka.

Kakuyenda, inde, koma kakukhotera kumanzere. Kazungulira nimu n'kubwera kudzandigunda phazi. Ndasinthanitsa malamba: kumanzerebe. Ndasinthanitsa mawilo: kumanzerebe. Ndatembenuza mabatire: kakubwerera m'mbuyo, kulowera kumanzere kwake, komwe ndi kumanja kwanga, kapena ndi kumanzere komwe kuja, sindikudziwanso. Ndinakhala pansi kuyang'ana manja anga awiri kwa kanthawi.

A Zuze akuti mwina bwalo ndi lopendekeka. Tathira madzi pansi kuti tione kumene alowere. Nthaka yamwa onse tisanawerame n'komwe.

Zimene ndikuzikayikira:
lamba wina ndi wamtali
bwalo
a Zuze
mutu wanga

Madzulo kwafika uthenga. Amayi onse akwere lole mawa kupita ku boma ku Chikwawa kukayeserera magule a chipani, kubwerako Lamulungu. Felista ali m'gulu, Rute apita kumsana. Kukana kulibe, aliyense akudziwa. Apongozi atsala chifukwa cha mwendo wawo. Ndiye kuti Loweruka pakhomo pano tikhala anthu awiri, ndipo awiriwo ndi osalankhulana.

Lachisanu

Lole yawatenga m'mamawa, akuimba kale. Asanakwere ndinamufunsa Felista ngati amake akudziwa za kumalayini. Akuti anawauza, ndipo iwo anangofunsa ngati kuli kutali.

Mphamvu ndiye zilipo! Lero kakwera:
njerwa
nsapato yanga
mpini wa khasu
bakha wogona

Kukhota kwachepa, koma kulipobe. Ndikakalozetsa kunkhokwe, kamakathera kuchimbudzi. Ndayesa kambirimbiri, kamakonda kuchimbudzi basi. Ndiye ndaganiza ngati munthu wamkulu. Poti kamakhotera kumanzere, ndikalozetse kumanja, cha kunyumba ya apongozi. Kadzikhotera kokha, kudutsa kuseri kwa khitchini, n'kukatulukira pankhokwe. Ndayesa. Zatheka! Ndayesanso, zathekanso. Ndajambula mzere pansi ndi makala, poyambira ndi polozera. Ndikudziona kale mu ovololo ya kugalaja, sipanala m'thumba.

Chakudya chamasana: apongozi aika mbale pachitsa, atsokomola, achoka. Ndatenga, ndatsokomola. Mlamba wowamba, wokoma bwanji. Mbale ndabweza pachitsa pomwepo, ndatsokomolanso. Kucheza kwathu kwa lero ndi kumeneko.

Dzuwa lisanalowe ndakapukuta bwinobwino. Ndadonthezera mafuta a makina osokera m'mawilo onse kuti mawa kasalire ngati wilibala. Ndapezanso kawaya kolobodoka pa wilo lakumanzere, ndakamangitsa. Kuyesanso ayi, mabatire angathe.

Loweruka

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa.

A Khembo afika dzuwa lili pamutu, panjinga, malaya oyera mbee. Akalonjera mlongo wawo, amwa madzi, kenako akokera mpando pamthunzi wa nkhokwe, kumathero a ulendo. Munthu ukakhala pamenepo, khitchini imakutchingira nyumba ya apongozi. Akuwa kuti, "Katumizeni, akamwini."

Ndakaika pamzere wanga, kulozetsa kumanja. Ndayatsa. Ndipo lero, lero lokhali, kakuyenda mowongoka ngati chingwe chobzalira thonje. Ndikukapempha chamumtima, khota, khota mwanawe! Ayi ndithu. Kodi ndi mafuta aja? Ndi kawaya kaja? Kadumpha ming'alu yonse, kafika pakhonde la apongozi, lija analikweza chifukwa cha madzi osefukira. Kakweza mphuno, kagwira, kakwera! Khonde lonse! Kakwawa kulowa pakhomo, maso akuyaka. Chitseko n'kutsekeka.

Kunyada ndinanyada, kufa ndinafa, zonse nthawi imodzi. Kulowa sindingalowe, kuitana sindingaitane. Ndaima chapatali, ndatsokomola. Ndatsokomolanso mwamphamvu. M'nyumba zii.

A Khembo atopa kudikira, abwera kudzafunsa kuti kali kuti. Ndawalozera ndi chibwano. Apita pakhomo, agogoda. "Mlongo, m'nyumbamo mwalowa kanthu?"

"Muno simunalowe kanthu, achimwene. Ndikusintha nsalu."

Basi, nawonso sangalowe. Ine ndiwatsutse apongozi, pamaso pa mlongo wawo? Ndingagone kuti? Ndangowaonetsa mapazi a malamba pafumbi. Mapaziwo afika pakhonde n'kutha, poti khondelo ndi lozira, lolimba gwa. Ndawapempha atchere khutu. Ine ndikumva mota ikulira chapansipansi. Iwo akuti ndi nyenje.

Adikira ndithu, sindingawanamizire. Anadya ndi masawu omwe. Apongozi sanamalize kusintha nsalu. Potsiriza aimirira, asasa thalauza. "Akamwini, chinthu chikusowani masana dzuwa likuswa mtengo. Nanga kugalaja tikakupatsani thirakitala, tidzakaipeza kuti?" Akuti malowo akuwafunanso mnyamata wina wa kwa Mlolo, ayamba Lolemba. Akwera njinga, apita.

A Zuze akundifunsa ngati ndinaonadi kakulowa, poti dzuwa la kuno limaonetsa zinthu. Ndayamba kukayika nanenso. Ndakasuzumira kuchimbudzi, kulibe.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, koma ulaliki sindinaumve. Pobwera ndadzera kuseri, monga mwa masiku onse.

Felista wafika masana, mawu atasasa ndi kuimba, fumbi mpaka m'makutu. Ndamufotokozera zonse. Sanaseke, sanatchulenso za mkazi mnzake. Walowa kwa amake, wakhalitsako. Watuluka maso ali ofiira, akuti ndikuitanidwa. Ine? Akuti inuyo, bambo a Rute.

Ndakhala kumapeto kwa khonde, kufulatira chitseko, maso kwa abakha. Ndikudikira kuti mawu adzere mwa Felista. Koma ayi. Apongozi alankhula okha, kwa ine, koyamba chikwatirireni. Mawu awo ndi aang'ono kusiyana ndi mmene ndimaganizira.

"Bambo a Rute, kanthu kanu kamayenda. Ndinakaona kakukwera khonde langa, ndipo ndinadziwa kuti achimwene akakaona, akutengani. Ndinakavundikira ndi beseni n'kukhalapo mpaka kanasiya kulira. Mukapita kumalayini mutenga Felista, mutenga Rute. Ine nditsala ndi abakhawo."

Atatero akankhira kanthu kanga panja ndi ndodo yawo. Mabatire atha, lamba mmodzi wavuka. M'chitinimo aikamo mazira a bakha, okutira ndi kansalu kuti asasweke.

Mkwiyo ndinali nawo, ndinaukonza bwinobwino kuyambira dzulo, ndi mawu ake omwe. Koma munthu ungakwiye bwanji utafulatira? Nyumba ija yandiwawa, sindibisa, yandiwawa kwambiri. Ndangoti zikomo amayi. Chimene ndathokoza sindikuchidziwa.

Felista akuti poti alankhula okha, kupewana kwatha, ndipeze nkhuku tidyere pamodzi monga mwa mwambo. Nkhukuyo sinapezeke n'komwe, iwo ayamba kale. Akuti denga la khitchini limadontha. Akuti khola la abakha lapendekeka. Akuti ndimapalira moipa, ndimasiya udzu m'mbali mwa mizere, akhala akufuna kundiuza kalekale.

Mazira taphika, Rute wadya limodzi. Kumwera kwayamba kuda mitambo. Mawa ndili padenga.